Galimoto ya Pamtsetse

Kunatsala masiku awiri kuti tchuthi chithe, ndipo bambo analumbira kuti sadzapitanso kuntchito pa galimoto yochita kukankha. Tinapita kukaona ina yomwe mkulu wina wokonza mafiriji ankagulitsa. Anali atavomera pafoni kutenga yathu yakaleyo, ife n'kuwonjezerapo pang'ono.

Tinaipeza yotsukidwa bwino, koma itaimikidwa pamtsetse, italoza kumunsi, njerwa ili kutayala. Pabwalo pa mkuluyo, malo athyathyathya, panalibe kanthu. Ndakankha galimoto zaka zisanu, ndimadziwa chimene munthu amakondera mtsetse.

Bambo anali atakhala kale pachiwongolero, akusisita mipando.

"Achikulire," ndinatero kwa mkuluyo, "bwanji tiilowetse pabwalopo, tiizimitse, kenako tiilize?"

"Iwe, ulemu," anatero bambo.

Mkuluyo anakanda m'mutu. "Zotheka. Koma tiyambe ndi yanuyo. Mwaisiya pati?"

Bambo anatsika pang'onopang'ono, osayang'ana aliyense. "Kumtunda uko, pafupi ndi thanki yamadzi."

"Pamtsetse paja?"

"Pali mthunzi wabwino."

"Eya," anatero mkuluyo. "Nanenso mthunzi ndimaukonda."

Anagwirana chanza mwaulemu, aliyense n'kutsala ndi yake. Lolemba m'mawa ndinakankha.