Maliro a Harihar

Harihar anadzichitira yekha mwambo wa maliro akadali moyo. Anameta mpala, nataya chingwe chake chopatulika mumtsinje wa Narmada, navala nsalu yofiirira ya anthu osiya za dziko. Mabuku opatulika a Upanishadi anali atamulowa m'magazi. Anthu anamutama kwambiri, poti sanali mwamuna wawo.

Mkazi wake Sulochana anayamba kuwerengedwa wamasiye kuyambira tsiku lomwelo. Patatha zaka zinayi, ukwati wa mwana wawo Ketaki unayandikira. Mkwatibwi amaperekedwa ndi bambo ake pamoto waukwati, mayi ali pambali, koma wamasiye safikapo, ati amadzetsa tsoka. Sulochana anayenda masiku awiri kukamupempha mwamunayo kuti abwere tsiku limodzi lokha.

Anamupeza pamasitepe a kachisi, atawonda ngati bango, akuphunzitsa anthu.

“Bambo a Ketaki,” anatero anthuwo atabalalika, “mwana wanu akukwatiwa Lachinayi.”

“Amene mukumufunayo anamwalira.”

“Anamwalira? Nanga chifuwa chomwe ndachimvera kumsewuchi n'chayani? Zaka makumi awiri ndakhala ndikuchiphikira tsabola.”

“Chilipo n'chimodzi chokha,” anayankha modekha. “Sichibadwa, sichifa. Chili mwa ine, chili mwa inu, chili mwa galu uyo.”

“Ndiye ndimutenge galuyo akapereke mwana?”

Harihar anayang'ana kumadzi a mtsinje. Atayankhulanso, mawu ake anali akale aja, apakhomo.

“Ndikabwera, ansembe sayatsa moto. Wodzichitira maliro akabwerera kwawo ndi mzukwa, palibe angadye naye. Akuchimuna adzanyamuka mpunga uli pamasamba odyerapo, ndipo Ketaki sadzafunsiridwanso. Ukudziwa iwe.”

Ankadziwadi. Anangobwera chifukwa mtima unkakana. Chinamuwawa koposa n'chakuti munthuyo sanali wamisala kapena wouma mtima. Ankakumbukira zonse.

“Mnyamatayo ndi waulemu?” anafunsa Harihar chapansipansi.

“Akufa safunsa,” anatero Sulochana, nanyamuka osagwada.

Lachinayi, Ketaki anaperekedwa ndi bambo ake aang'ono. Sulochana anatsekeredwa m'chipinda chosungiramo mpunga, kuseri kwa nyumba, atavala zoyera za amasiye. Ankamva wansembe akutchula mapazi asanu ndi awiri amene akwati amaponda pambali pa moto, iye n'kumawerenga nawo. Pa phazi lachinayi anamva Ketaki akuitana “Amayi”, kamodzi kokha. Sulochana anadzitseka pakamwa ndi nsalu kuti angayankhe.