Zimene Burul Anauza Khanda Pakati pa Mtsinje

Mtsinje wochokera ku madzi oundana a pamwamba pa phiri suwolokedwa dzuwa lili paliwombo. M'mawa umayenda mwaulemu, wolekeza m'mawondo. Dzuwa likangotentha kumtunda kuja umatupa, n'kuyamba kugubuduza miyala. Izi ndi mwana yemwe amadziwa. Koma tsiku limene a Satybaldy ankatsika kuchoka kubusa la kumapiri, kupasula hema kunatenga nthawi, tiyi anamwedwa kawiri, ndipo padoko anafika mochedwa.

Nkhosa zinali zitatsogola dzulo lake pamodzi ndi akazi awo a Satybaldy. M'galimoto munali atatu: a Satybaldy pachiwongolero, mtengwa wawo Burul kumbuyo pakati pa akatundu, ndi khanda lake Nurtai, la miyezi isanu. Mwamuna wa Burul anali kutali, kuntchito ku Russia. Pambali pawo pankayenda a Jumabek pahatchi, mnzawo wa a Satybaldy kuyambira ali ana.

Pakatikati pa mtsinje tayala lakumbuyo linalowa pakati pa miyala iwiri. Galimoto inabuula, inagwedezeka, inaima.

"Musade nkhawa, wintchi ilipo," anatero a Satybaldy, osayang'ana munthu.

Wintchiyo ndi kamakina ka kutsogolo kwa galimoto, kamene kamakulunga chingwe chachitsulo. A Jumabek anakoka chingwecho, anawoloka nacho, anachimangirira pathanthwe. Atati abwerere kudzatenga Burul ndi mwana, mwala wogubuduka unamenya hatchi pamwendo. Inatembenuka, inakaniratu. Hatchi ikakana madzi, inu musamaikakamize, imaona zimene inu simuona.

A Satybaldy anadina batani. Zii.

"Dina, nkhalamba iwe!" anafuula a Jumabek kutsidya. "Kapena chala chinatha ndi kukanda ndevu?"

"Ndadina! Ukufuna ndikhalepo?"

"Zula kawaya ka batanilo, uuzire, ubwezere!"

A Satybaldy anatulukira pawindo, anakwawa pamwamba pa boneti, anazula, anauzira, anabwezera. Zii. Anagwedeza kachitsulo kolumikizira chingwe. Kanali m'malo mwake.

"Menya kabokosi kakuda ako ndi sipanala! Kamamva ndodo ngati bulu wako uja!"

Anamenya. Ngakhale kaphokoso koti tha, kamene kamamveka batire ikafooka, sikanamveke.

Burul ankaona zonsezi pagalasi, ndipo iye ankadziwa pamene panali vuto. Miyezi yonse ya kubusa batire inkakhala m'hema, kuyatsira nyale. Pamene mwamuna wake ankaichotsa m'galimoto asananyamuke, iye anamugwirira boneti, ndipo anaona mawaya awiri ofiira pamutu umodzi wa batireyo, wina wa galimoto, wina wa wintchi. M'mawa wa tsikuli, akudutsa ndi miphika, anaona apongozi ake akuibwezera. Waya wina anamanga. Winayo, wamfupi ndi wouma, anamukankhira pambali ndi chigongono kuti batire ilowe. Pomwepo a Jumabek anaitana za tiyi, boneti inatsekedwa.

Nanga akananena bwanji? Mtengwa satchula dzina la apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, sawayamba mawu. Chilichonse chimadzera mwa apongozi aakazi, ndipo iwowo anali kutsidya kwa phiri ndi nkhosa. Chaka ndi theka pakhomopo, Burul anali asanawauzepo kanthu, kupatula kuwapatsira tiyi ndi manja awiri. Lero ayambe ndi kuwauza kuti mwalakwitsa, mnzawo akumva? Nkhani zotere zimafika kwa makolo ako iwe usanafike.

Madzi analowa pansi pa chitseko. Poyamba kamzere chabe, kenako anazinga nsapato za Burul, ozizira ngati mpeni. Thumba la timibulu ta mkaka wouma, ntchito yake ya miyezi itatu, linayamba kuda kumunsi. Mwala waukulu unagunda galimoto m'nthiti, ndipo kumbuyo konse kunasendera kumunsi kwa mtsinje. Burul anayesa chitseko chake, madzi anali atachikanikiza. Mbali inayo katundu anali mpaka kudenga. Anakweza mwana pachifuwa. Nurtai anayamba kulira.

A Satybaldy analowanso pawindo, ali chinyowere, milomo itatuwa. Anagwira chiwongolero n'kulankhula ndi galasi.

"Injini ikamwa madzi, basi."

Burul anayang'ana kamutu ka mwana wake, kathukuta kali m'tsitsi. Manyazi ndi olemera, koma sanamizepo munthu. Anakoka mpango wake kumaso, anakweza mawu kuti apose mkokomo wa madzi.

"Nurtai, tonthola, bambo anga. Agogo ako ndi anthu odziwa zinthu. Akumbukira okha kuti pabatire pamakhala mawaya awiri ofiira. Wina uja m'mawa anabisala. Ndi wamanyazi ngati amayi ako."

Khosi la a Satybaldy silinatembenuke. Burul anaona makutu awo akufiira, ndipo anati mumtima, ndadzionongera.

"Nurtai," anatero iwo kenako, mawu ali okhuthala, "tawafunsa amayi ako. Anabisala mbali iti?"

"Uwauze agogo, kudzanja lawo lamanja, kuseri kwa paipi yakuda."

A Satybaldy anatulukanso. Anaima pachitsulo cha kutsogolo, madzi akuwamenya m'miyendo, anatsegula boneti. Burul sankawaonanso, ankangoona chitsulo chobiriwira chitatseka galasi lonse.

"Ukufunamo chiyani mmenemo?" anakuwa a Jumabek. "Ukubisala?"

Wayayo analipodi. Zala za a Satybaldy zinali zitauma ndi kuzizira, moti nati ya pabatire ataimasula anaisunga m'kamwa, kuopa kuti ingagwere m'madzi. Pabatire pamafunika ulemu: sipanala ikakhudza mutu wofiira ndi chitsulo cha galimoto nthawi imodzi, imatentha dzanja mpaka fupa. Kamoto kanathetheka kamodzi. Anamanga, anatseka, anakwawira pampando. Madzi anali atafika m'akakolo.

Anadina. Wintchi inabuula ngati ng'ombe yodzutsidwa ku tulo, chingwe chinatuluka m'madzi, chinawongoka, chinayamba kulira.

"Choka pachingwepo, Jumabek! Chikaduka ukhala anthu awiri!" Ndipo motsitsa mawu: "Nurtai, uwauze amayi ako aweramitse mutu."

Burul anaweramira mwana. Anamva tayala likukhulana ndi mwala, likukwera, likuterereka, likukweranso. Galimoto inadumpha, miphika inagwa, ndipo phokoso la madzi linayamba kutsalira kumbuyo.

Kumtunda, a Jumabek anabwera akukoka hatchi yawo yotsimphina.

"Si ndinakuuza kuti umenye kabokosi? Kamachedwa kumva, koma kamamva."

"Kabokosi kako kalibe mlandu. Anali waya. Ndinamuiwala ine m'mawa, iwe utandisokoneza ndi tiyi wako."

"Ndiye wakumbukira bwanji, mutu wako wobookawo?"

"Wandiuza mdzukulu wanga."

"Wa miyezi isanu?"

"Anatengera kwa amayi ake."

A Jumabek anasuzumira m'galimoto. Burul anali atakokera mpango mpaka pamphuno, nsapato zili chinyowere.

A Satybaldy anavula chikhoto chawo chaubweya, chimene chinali chouma kumapewa kokha, anachiponya kumbuyo osatembenuka.

"Nurtai, uwauze amayi ako avule nsapatozo, akulunge mapazi. Akadwala, atiuza ndani za mawaya?"

Pamene ankamaliza kukulunga chingwe, miyala iwiri ija sinkaonekanso. Pamalopo pankangotumphuka thovu lotuwa.