Njerwa Zitatu za Margret

"Yanga ndi iyi," anatero a Sefu, telala wa pamsika, akugogoda ndi chala njerwa yojambulidwa ya pakhoma la khonde. "Kamnyamata kopanda kabudulaka ndine. Malemuwa akanatha kundiveka, penti anali naye, koma anati mbiri siinama."

Anthu anaseka. Kenako anakumbukira kuti eni khomalo anawaika m'manda dzana lomweli, ndipo kusekako kunasanduka chifuwa.

Naphiri anali pamphasa kumapeto kwa khonde, duku lakuda litaphimba mutu wongometedwa kumene. Iye sanaseke. Anali ataona kale kuti ambiri obwera kudzapepesa akamamugwira dzanja, maso awo amakhala ali pakhoma.

Amuna ake, a Lemson, anali olemba zikwangwani za masitolo a amwenye m'tauni yakale ya Lilongwe. Penti wotsalira pansi pa zitini ankabwera naye kunyumba, ndipo kwa zaka zambiri anakhala akujambula pakhoma la khondelo Lilongwe wa pa ubwana wawo: katauni ka m'mbali mwa mtsinje, ngolo za fodya zikudikirana pamlatho, amayi akuchapa pamiyala, ana akuthamangitsana m'madzi. Munthu aliyense ankamupatsa njerwa yakeyake. Likulu litayamba kusamuka kuchokera ku Zomba, oyeza misewu anabwera n'kulemba mtanda wofiira pachitseko, kusonyeza kuti msewu watsopano udzadutsa pomwepo. A Lemson anauyang'anitsitsa mtandawo, nati wolembayo sadziwa kugwira bulashi. Kenako anauza anzawo onse kuti, "Khomali ndinamangira dothi, osati simenti. Likamadzagwa, aliyense adzazule njerwa yake." Khoma lisanagwe, anagwa ndi iwo.

Pakhomapo panali pafupifupi aliyense: a Sefu, Arvind wa sitolo ya nsalu akadali kamwana, ngakhale galu wa kwa abusa. Naphiri yekha ndiye panalibe. Iye anachokera ku Nkhoma ali wamkulu kale, ubwana wa amuna ake utatsekedwa iye asanafike. Zimenezo akanazipirira. Chimene chinkamudya mtima ndi Margret. Margret analipo katatu: akutunga madzi, akudumpha chingwe, ndiponso atakhala pamwala miyendo ili mumtsinje, diresi lachikasu likuwala ngati alipaka dzulo. A Lemson ankalipakadi mobwerezabwereza. Naphiri ankadziwa, chifukwa penti wachikasu ndi amene ankavuta kuchoka m'malaya.

Mwana wake Donald, kalaliki wa boma amene anabwera limodzi ndi likulu kuchokera ku Zomba, ananjuta pambali pake.

"Amayi, akatapila ogumula nyumba abwera Lolemba. Chipinda chanu ku Area 15 takonza kale. Anthuwa aloleni atenge njerwa zawo, ndi mmene ankafunira abambo."

"Atenge."

"Onse?"

"Ndati atenge, Donald. Kodi Chizungu cha ku Zomba chinakutseka makutu?"

Apa m'pamene anatulukira Margret mwiniwake, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa ku depoti ya mabasi, atanyamula dengu loyalamo nsalu yoyera. Naphiri analiyeza ndi maso dengulo. Linali lokwana njerwa zitatu, osatsala malo.

"Pepani, amayi a Donald," anatero Margret akugwada. "Lemu watisiya."

Lemu. Pa zaka zonse za banja lake Naphiri sanatchulepo dzina la amuna ake. Anali "bambo a Donald" mpaka m'bokosi. Koma mayi uyu ankangolithyola pakati ngati chinangwa cha m'munda mwake.

"Zikomo. M'dengumo mwatibweretsera chiyani?"

"Mulibe kanthu. Ndi la njerwa."

"Ndimayesa ufa. Anzanu pamaliro amabwera ndi dengu lodzaza n'kubwerera lopanda kanthu. Inu mwatembenuza."

A Sefu anakonza chisoti chawo.

"Amayi, amayi, khoma siligumulidwa kuyambira pakati, lingatigwere," anatero. "Mawa ndibwera ndi anthu, tichotse malata a khondeli, tiphwasule bwinobwino. Lero tiyeni tingolira."

Kutacha, Donald atapita kukafuna lole yonyamula katundu, Naphiri anatenga ndowa n'kusungunulamo laimu amene anatsala popaka miyala ya pamanda. Anasankha bulashi yaikulu ya amuna ake, ija yopakira makoma a masitolo. Margret wotunga madzi anapita ndi mkwapulo umodzi, mtsuko wake womwe. Margret wa chingwe anafuna iwiri. Naphiri anamva kukhosi kukutsetsereka ngati wamwa thobwa lozizira pa dzuwa la Okotobala. Anaviikanso bulashi, naikweza kulunjika diresi lachikasu.

"Ameneyo ndiye anandifanizira bwino," anatero mawu kumbuyo kwake.

Naphiri sanatembenuke. Laimu ankadontha pansi. "Mwalawira, Margret."

"Ndinadziwa kuti ndikachedwa ndipeza khoma loyera ngati la chipatala. Ndikanakhala ine, ndikanayambira ameneyo."

"Katatu," anatero Naphiri, tsopano atatembenuka. "A Sefu kamodzi. Arvind kamodzi. Amayi awo owabereka kamodzi. Inu katatu! Ine ndinawaphikira, ndinawachapira penti wanu wachikasuyu, ndinawatembenuza pamphasa akutsokomola mpaka mpweya kutha. Tandiuzani poti mumawadziwa bwino a Lemu anuwo: njerwa yanga ndi iti?"

Margret anatula dengu pansi. Anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mchere.

"Inu mukufunsa njerwa? Tabwererani m'mbuyo."

"Kuti mutani?"

"Bwererani, sindikulandani bulashiyo. Tsikani pabwalo apo."

Naphiri anatsika, bulashi ili m'manja, makamaka pofuna kuona mathero a chipongwecho.

"Mwakalambira mu Lilongwe muno," anatero Margret. "Mwawoloka mlatho uja kosawerengeka. Tandiuzani, phiri ilo munaliona pati?"

Naphiri anakweza maso. Pamwamba pa msika, pamwamba pa mkuyu ndi madenga a masitolo, panali phiri lobiriwira, lotambalala kuchokera kumapeto a khoma mpaka pafupi ndi chitseko. Ankaliona tsiku ndi tsiku monga mmene munthu amaonera denga la nyumba yake. Ankangoti ndi pothera penti wobiriwira, ndipo maso ake nthawi zonse ankafulumira kutsikira m'munsi, kumene kunali diresi. Koma Lilongwe ndi wathyathyathya ngati lichero. Kuseri kwa mtsinje kulibe phiri, ndipo silinakhaleko.

"Tonse tinakangana naye," anapitiriza Margret. "A Sefu anachita kumufunsa kuti, 'Iwe Lemu, tauni yathu ukuinamizira, phiri ili waliba kuti?' Iye akuti, 'Sindinabe. Linabwera lokha pa lole ya chimanga kuchokera ku Nkhoma, kabokosi kali pamutu.' Ndiye chaka ndi chaka linkangokula. Apo, pamwamba pa mkuyupo, panali njerwa yanga yachinayi. Ndinali mumtengo wa mango, ndipo anandijambula bwino kuposa apa ponse. Tsiku lina ndikudutsa ndinangoona palibe. Phiri lanulo linandimeza, a Naphiri."

Dzinalo analitchula pang'onopang'ono, ngati akulavula njere.

Naphiri anaimabe pomwepo. Anakumbukira fumbi la lole ija, ndi mnyamata wa manja a penti amene anamulandira bokosi osanena ngakhale moni, n'kumangoyenda patsogolo ngati walembedwa ganyu.

"Akanangonena," anatero.

"Lemu? Munthu analemba 'Takulandirani' pa masitolo onse a m'tauni muno, koma munayamba mwamumvapo akunena ndi pakamwa?"

"Musamati Lemu."

"Ndinamudziwa asanamere mano, amayi. Dzinalo lokha ndisiyireni. Zina zonse munatenga."

Lole yaing'ono inaima pamsewu, Donald n'kutsika. Ataona mabala awiri oyera pakhoma ndi bulashi m'manja mwa amayi ake, anagwira m'chiuno.

"Amayi, mwatani khoma la abambo?"

"Lole yake ndi imeneyo?"

"Eya. Mipando ndi bedi zikwanamo."

"Kafune yaikulu. Phiri ilo likupita ku Area 15."

Donald anayang'ana khoma, nayang'ana Margret, ngati wofuna womasulira. "Amayi, limenelo ndi theka la khoma! Kumene kuja nyumba ndi za boma, pabwalo pali kapinga. Anzanga a kuofesi akadzafunsa kuti mulu wa njerwawu ndi wa chiyani, ndidzati chiyani?"

"Udzati ndi amayi anga. Linabwera pa lole, lipitanso pa lole. Ndipo ukauze a Sefu azule mosamala, mzere ndi mzere, asandisokonezere nsonga."

Donald anabwerera kukalankhula ndi dalaivala.

Naphiri anaponya bulashi m'ndowa. Anakwera pakhonde, naviika nsonga ya chitenje chake mumtsuko wa madzi akumwa, n'kuyamba kupukuta njerwa ya chingwe. Laimu anali asanaume. Miyendo iwiri inatulukira ili m'malere, kenako chingwe, kenako kamutu kometa mbali imodzi. Anapukuta mpaka m'mphepete, nabwerezanso, pakuti penti wa a Lemson sankasuluka ndi madzi.

Margret anasendera pafupi, naloza njerwa ya mtsuko imene inali idakali yoyera.

"Nanga uyo?"

"Ameneyo ndamumeza ine," anatero Naphiri, akufinya chitenje. "Bweretsani dengulo kuno, lingadetsedwe ndi laimu."