Kaphula pa Mphuno ya Ndege

Kanthu kapepalako kanakwera pang'ono, nkuima m'malere ngati kakuganiza, kenaka nkugwa chamatako pafupi ndi nkhokwe. Akamwini anga, a Akisoni, anakatola, nkukasansa fumbi, nkuponyanso. Chimodzimodzi.

Ine ndinali kuseri kwa mpanda waudzu, ndikuswa nsawa, diso lili pakampata. Mdzukulu wanga Elina anali atandikakamira kumsana. Atate ake anapita kukagwira ntchito ku Halale iye ali pabere. Abwerera kwathu kuno ku Sinda mwana akutunga kale madzi m'kamtsuko, ndipo mvula isanagwe ayenera kunyamukanso. Chifikireni, mwanayo sanawayandikire. Anamupatsa shuga, anakana. Kansalu kamaluwa, anathawa. Ndiye anang'amba pepala lokulungira shuga lija nkupinda chifanizo cha chinthu chimene akuti anachiona chikuuluka pamwamba pa tauni, dzina lake ndege.

"Amayi, taonani," ankamunyengerera mwanayo. "Taonani iuluke."

Sinauluke.

Vuto ndinaliona msanga. Muvi umapita chifukwa kumutu nkolemera. Ngakhale chitsononkho chimene ana amasomeka nthenga kumbuyo chimatsogoza kolemera. Koma ndege ya akamwini mapindo onse anaunjikana kumchira, kutsogolo kuli pepupepu. Tsono ndiwauze bwanji? Mpongozi ndi mkamwini sayankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Amake Elina nawo anali kudimba.

Ndinatenga phula la njuchi limene ndimamatira zikho zong'aluka, nkulifewetsa m'manja.

"Iwe, kapereke ili kwa munthu uyo. Ukanene kuti amate kumphuno."

"Ndikuopa."

"Ali ndi nyanga? Ine sindingapiteko, ukudziwa. Fulumira, nsawa zikundidikira."

Anapita chokwawira m'mbali mwa mpanda, nkuika phula pansi chapatali. "Akuti kumphuno," anatero, liwiro kubwerera.

A Akisoni anamata lonse. Ataponya, ndege inangolunjika pansi nkuzika mphuno m'dothi pakati pa nkhuku, nkhuku balala. Ndinamva mwana akuseka kumsana kwanga, atatseka pakamwa.

"Achulutsa," ndinatero. "Kawauze achotseko. Imeneyo si nkhwangwa."

Ulendo uno anafika pafupi, mpaka pamthunzi wawo.

"Agogo akuti imeneyo si nkhwangwa."

"Mukawauze agogo kuti ndamva, zikomo kwambiri," anayankha atagwada, nkhope atalozetsa kwina monga mwa ulemu. Kenaka anatembenukira kwa mwanayo. "Koma zala zangazi nzazikulu, amayi. Tanditsinirani ndinu."

Bodza limenelo. Munthu wosoka yekha malaya ake angalephere kutsina phula? 

Elina anayang'ana kumpanda. Ine ndinaweramira nsawa zanga. Kenaka anatambasula kadzanja, nkutsina, nkutsinanso, mpaka kunatsala kofanana ndi njere ya nyemba. Atate ake anaika ndege pa chala kuti aone kumene ikupendekera. Inaweramira kutsogolo pang'ono chabe.

Anaponya mofatsa. Inayenda bwinobwino, osakweza mutu, osaugwetsa, kudutsa pamtondo, kudutsa pabwalo lonse, nkukatera padenga la khola la mbuzi.

"Yapita," anatero Elina. "Tengani."

"Sindifikira. Mwina mutakwera paphewa."

Denga la kholalo ngakhale ine ndimafikira. Koma mwana anakweza manja, iwo nkumunyamula. Anawagwira makutu onse awiri ngati zogwirira za poto, ndipo atatenga ndege sanafune kutsika. Anazungulira naye bwalo, bambo wamkulu maso ali onyowa, akunamizira fumbi.

Za misozi ine ndilibe nazo nthawi. Ndinakutumula makoko pansalu, nkuyankhula mokweza, nditayang'ana mpanda.

"Elina, uwauze atate ako kuti phula ndili nalo lambiri, koma sindidzakhala pano masiku onse kutuma anthu. Akapita ulendo uno asakakhalitse. Abwere mwana akadawadziwa nkhope."