Bokosi la Zida za a Kefasi

Zovala zinali zitayalidwa kale pamphasa, nsapato za kutchalitchi apa, maovololo ong'ambika m'mawondo apo, pamene a Estevao anaimirira n'kuyamba kuunguza ngati munthu wosowa nkhuku.

"Mai Nigel, bokosi lija lili kuti?"

Mayi Rozi, amake a Nigel, anayang'ana pansi. Kumene linali ankakudziwa bwino, chifukwa analikokera okha kunsi kwa bedi m'mawa womwewo.

Amuna awo, a Kefasi, anali atangoikidwa m'manda sabata yapitayo. Anali kalipentala pa esiteti ya tiyi kumtunda kwa tauni ya Hauna kuyambira unyamata wawo. Makolo awo anachokera ku Thyolo, koma mwambo wa tsikuli anautengera kwa Amanyika, eni dziko lachilendo limene anakakhalamo: chilichonse chimene malemu ankavala kapena kugwira chimawazidwa madzi a mankhwala, kenako n'kugawidwa kwa abale ndi anansi. Wogawa anali a Estevao, sahwira wa malemu, bwenzi lija limene pamaliro limaloledwa kunena chilichonse, ngakhale chipongwe.

"Mwalibisa eti?" a Estevao anakweza mawu kuti onse amve. "Mlamu, mwamuna wanu anatimana zida ali moyo, inunso mutimane atafa? Kani umbombowu ndi wa banja lonse!"

Anthu anaseka, ena akupukuta misozi. Ankadziwa zimene sahwirayo ankanena. A Kefasi sankabwereketsa chida, olo hamala. Munthu ukapita kukapempha sowo, ankakuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kufunsa kuti, "Mukadule chiyani?" Ukawauza, madzulo akaweruka umangowaona atulukira pakhomo pako, sowo kukhwapa, kudzadula okha popanda kulipiritsa. M'komboni monse munalibe nyumba yopanda chitseko, benchi kapena mpini umene unadutsa m'manja mwawo. Akatha zonsezo ankafika kwawo utuchi uli mbuu m'mutu, mapeyala ali m'matumba a ovololo, ana akuwakwera ngati mtengo. Msana wa mayi Rozi utayamba kuvuta chifukwa cha dengu la tiyi, a Kefasi ndi amene ankatunga madzi, amuna anzawo akuwaseka kuti anadyetsedwa.

Mayi Rozi anadzuka n'kulowa m'nyumba. Mwana wawo Nigel, amene ankaphunzitsa sukulu m'dera la Gaza m'tauni ya Chipinge, anawatsatira.

"Mhai, vanhu akudikira panja," anatero kwa amake, akusakaniza ndi chinenero cha Amanyika.

"Adikire. Zovala agawane, ndilibe nazo mawu. Koma zida zija sizimwazika. Ndakusungira iwe."

"Ine?"

"Iwe amene. Upemphe transifa ubwere kuno, shedi ya bambo ako ilipo. Ukaweruka kusukulu uzikhomako pang'ono, ndizimva phokoso pakhomo pano. Chete ameneyu andipha, mwanangu."

Nigel anakhala pabedi, mutu uli m'manja.

"Sindingazitenge, mhai."

Apa mtima wa mayi Rozi unaphulika. Nkhaniyi anaisunga kukhosi zaka zambiri. Nigel ali mwana sankachoka m'shedi, koma atafika fomu thuu anangosiya mwadzidzidzi, osapondamonso. Mayi ake anaganiza kuti sukulu yamulowa m'mutu, wayamba kunyoza ntchito ya manja, ndipo zinkawapweteka poona a Kefasi akukalamba okhaokha pabenchi.

"Unachita nawo manyazi ali moyo," anatero, "lero ukuwakananso ali m'manda? Utuchi umene unkanyansidwa nawowo ndi umene unakuveka taye!"

"Sindinawanyoze baba ine." Nigel anadzutsa mutu, maso ali psuu. "Ndi iwo anandithamangitsa."

"Usawanamizire akufa."

"Chokwadi, mhai. Tsiku lina anandipatsa thabwa la mlombwa kuti ndipale. Ndinalipala bwino, mpaka ndekha ndinanyadira. Iwo analisisita ndi chikhatho nthawi yaitali, kenako anandilanda puleni. Anati, 'Dzanja uli nalo, n'chifukwa chake usadzalowenso muno. Akakuona akapitawo, esiteti ikugwira ngati mmene inagwirira ine ndi agogo ako. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Pita ukawerenge.' Ndinalira kuseri kwa shedi mpaka dzuwa kulowa."

Mayi Rozi anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira mwendo wa bedi.

"Nanga osandiuza bwanji nthawi yonseyi?"

"Anandiletsa. Anati amai ako amakufuna pafupi, akamva andikalipira, ndipo ine ndikakalipiridwa ndi amai ako ndimagonja."

Kuseka kunawatuluka mayi Rozi mosafuna, n'kusanduka kulira. Anali iwowo a Kefasi, ndendende. Anakumbukira mmene a Kefasi ankabwerera kuchokera ku Hauna atakaperekeza Nigel kokwerera makombi, maminibasi a kumeneko, n'kukalowa m'shedi, kukhoma mpaka chakudya kuzizira. Mayi Rozi ankati ndi mkwiyo wa bambo wokanidwa ndi mwana. Kani munthu ankasowa mwana amene anamuchotsa yekha pambali pake. Zinawawawa kuti anakhala ndi mwamuna zaka zonsezo, kugona naye mphasa imodzi, koma katundu ameneyu anamusiya asenze yekha. Zinawawawanso kuti mwana wawo anamuweruza mlandu umene sanapalamule.

Panja a Estevao anali atayambanso. "Mlamu! Kapena mukulikumbira dzenje bokosilo? Dzuwa likupita, ena tikuyenda ndi miyendo ya nkhalamba!"

Mayi Rozi anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Likoke, Nigel. Ine msanawu."

Nigel analitulutsa kunsi kwa bedi, nalinyamula ndi manja awiri kupita nalo panja. Atalitsegula pamphasa, anthu onse anasendera pafupi. Zida zinali zondandalikidwa bwino, chilichonse pamalo pake, zopakidwa mafuta ngati mwini wake abweranso mawa. A Estevao anaviika masamba m'mbale n'kuwaza, ndipo kwa nthawi yoyamba tsikulo nthabwala zinawathera. Anatenga puleni, mpini wake utachita kulowa mkati momwe munkakhala chala cha mnzawo, n'kutembenukira kwa Nigel.

"Mwana wamkulu ndiye amayamba. Tambasula manja, mphunzitsi, ulandire bambo ako."

Nigel sanatambasule. Anayang'ana mayi ake. Anthu anayamba kunong'onezana, ndipo mayi Rozi anamva mawu omwe aja amene iwo eni ankanena mumtima, akuti ana ophunzira ndi choncho.

"Ayi, sahwira," anatero mokweza kuti amve ndi a kumbuyo omwe. "Mwanayu sakukana. Anakana ndi bambo ake, kalekale, ine ndamva lero. Mpatseni jekete la kutchalitchi. Zidazi gawirani amene azigwiritse ntchito."

A Estevao anagwedeza mutu movomereza. Puleni inapita kwa Chamunorwa, amene ankakhoma mabenchi pamsika wa Hauna, ndipo anailandira atagwada, akuwomba m'manja. Sowo inapita kwina, matchizulo kwina, hamala kwina, mpaka m'bokosi munatsala fungo la mafuta lokha.

M'mawa mwake Nigel anafunsa ngati apemphebe transifa ija. Mayi Rozi anali akumumangira nthochi za pa ulendo, ndipo sanatembenuke.

"Usapemphe. Bambo ako anavutika kuti uchoke kuno, ine ndisakubweze. Fulumira, kombi ingakusiye."

Anamuperekeza mpaka pamsewu, n'kubwerera okha kudutsa m'minda ya tiyi, akulira poyera osabisa.