Tsiku Lomwe Holo Yonse Inadikira Amayi

Chiwagwirireni sitiroko, amayi amayankhula movutikira, liwu limodzi kenako n'kupuma. Ndiye atawaitana kuti akayankhule potsegulira nyumba yatsopano ya dipatimenti yawo ku yunivesite, ine mtima unangoti myuu. Ndinkaopa kuti akachita manyazi pagulu.

Dipatimentiyo, yophunzitsa ntchito yothandiza anthu ovutika, anaiyambitsa ndi iwowo m'kachipinda kosungiramo matsache ndi mipando yothyoka. Ophunzira anali ochepa moti mmodzi akadwala, kalasi inkangoti pululu. Anzawo ophunzitsa zamalamulo ankawaseka, amvekere, "Chifundonso chimafuna digiri?" Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Lero ophunzira awo ali m'zipatala, m'ndende, m'makhoti a ana, ndipo nyumba yatsopanoyo ndi yosanja, magalasi okhaokha.

"Amayi, bwanji ndikakuyankhulireni ineyo?" ndinawafunsa ndikuwapesa tsitsi.

"A... ayi."

Amayi anga ndi nkhutukumve kuyambira kale, matenda sanachotseko kalikonse.

Holo inadzaza. Atawapatsa maikolofoni anayamba bwinobwino, "Ana anga." Kenako lilime linakana. "Pa... pa..." Ndinadzambatuka kuti ndikawamalizire mawuwo monga ndimachitira kunyumba, koma mkulu wa dipatimenti, bambo wadazi amene anali m'kalasi yawo yoyamba, anandigwira mkono.

"Khalani pansi, mlongo wanga," anandinong'oneza. "Kuno sitimalizira munthu mawu. Wovutika akakakamira pakati, timadikira. Anatiphunzitsa ndi iwowa."

Ndinapsa mtima. Mayi ndi wanga, iye andiuze chiyani? Koma nditacheuka ndinaona kuti palibe amene ankayang'ana foni kapena kuomba m'manja mowamvera chisoni. Azibambo aimvi, atsikana a chaka choyamba, onse manja pamiyendo, maso kwa amayi, ngati alibe kwina kopita. Ndinakhala pansi.

"Pa... paja tinalibe... mipando," anatero amayi pamapeto pake. "Lero ilipo. Muziyamba... mwakhazika mlendo."

Holo yonse inaimirira.

Pobwerera, tili m'galimoto, anandigwira pabondo. "Mwanangu, ndi... ndi..."

Ndinadziwa kuti akufuna madzi, botolo ndinali nditaligwira kale. Koma ndinaluma mlomo. Tinadutsa pamphambano, tinadutsa pachipatala, iwo akulimbanabe ndi lilime.

"Ndili ndi... zambiri," anatero, "zoti ndikuuze."