Mawu a Kuseri kwa Makhadi a Isaki

A Makaiko anagwira ntchito ku positi zaka makumi atatu ndi ziwiri, poyamba ku Zomba, kenako ku Domasi komwe anapumira. Atapuma, kukhala pakhomo kunawakanika. Anayamba kutolera mapositikhadi akale, aja okhala ndi chithunzi kutsogolo ndi malo olembapo kuseri, amene anthu ankatumizirana mafoni asanabwere. Ena ankawapeza m'masutikesi a aphunzitsi opuma, ena kwa ana a anthu amene ankaphikira azungu. Loweruka lililonse ankakwera phiri la Zomba pa njinga yamoto ya kabaza n'kukayala makhadiwo pa katebulo pafupi ndi ogulitsa ziboliboli. Alendo akunja ankagula n'kumapita. Ochedwa pa katebulopo anali Amalawi a imvi, amene ankaloza chithunzi ndi chala n'kumafunsa kuti mibawa inali apa ija anaidula liti.

M'mwezi wa Julayi, namwino wina wa ku Blantyre dzina lake Jenifa anawaimbira foni. Anati akubwera kudzatenga mayi ake, a Alesi a kwa Malemia, kuti azikakhala nawo m'tauni chifukwa miyendo yawavuta, ndipo pa katundu wawo pali chitini cha makhadi chimene iye sakudziwa chochita nacho.

M'mawa mwake a Makaiko anapalasa njinga kamphepo kakulasa m'makutu, n'kudutsa m'minda ya mpunga momwe munangotsala ziputu. Anapeza a Alesi atakhala pa mkeka pakhonde, miyendo atatambasula, pambali pawo pali mitolo ya zovala yomanga m'zitenje. Jenifa anali atapita ku Songani kukagula matumba.

"Ndinu a ku positi aja," anatero a Alesi atapatsana moni. "Munkakhala pa windo, tsitsi lili bii."

"Tsitsilo linapuma limodzi ndi ntchito, mayi."

A Alesi anaseka n'kuwakankhira chitini cha mabisiketi chadzimbiri m'mbali. M'katimo munali makhadi omanga ndi mphira wa chubu. A Makaiko anamasula mosamala. Panali phiri la Mulanje ndi minda ya tiyi, mlatho wa ku Liwonde uli watsopano, mathithi a Manchewe, msewu waukulu wa ku Zomba uli ndi magalimoto atatu okha. Mitundu inali itasuluka, thambo litasanduka lachikasu, koma masitampa onse analipo ndipo ngodya zake sizinapindike. Pa zaka zonse zotolera, makhadi osungika chotero anali asanawaonepo.

"Ankatumiza ndi malemu amuna anga, a Isaki," anatero a Alesi. "Ankayendetsa lole ya anthu okonza misewu. Pakhomo pano ankafika kawiri pa chaka, nthawi zina kamodzi. Kulikonse komwe afika ankagula kachithunzi n'kulemba kuseri. Ine sukulu ndinangoionera panja, ndiye ankandiwerengera ndi a Lukiya, mnzanga wa nyumba inali apo pali nthochipo. Iwowo anaphunzirako ku Malosa. Tinkasiya mtondo n'kukhala pansi pa mango. Chichokereni iwo kupita kwa mwana wawo ku Liwonde, palibe wandiwerengeranso. Musanatenge, mundiwerengereko komaliza."

A Makaiko anavala magalasi n'kutenga khadi ya Mulanje. Zilembo zinali zikuluzikulu, zolemba mokanikiza.

"Amake Jenifa. Tili ku Mulanje, tikukonza mlatho. Mpunga muokere msanga. Njinga yanga musawabwereke achimwene anu a Calvin. Ndine Isaki."

"Pitirizani."

"Yathera pomwepo, mayi."

"Ayi, mwadumpha. Iyo ya phiri ndi tiyi ndi ija imati, 'Ndikayang'ana phiri ili ndimayesa inu muli kuseri kwake, ndiye chakudya sichilowa.' Ndimaidziwa pamtima."

A Makaiko anapukuta magalasi, anayang'ananso, anafufuza ngakhale m'mphepete mwa sitampa. Mawu amenewo panalibe. Anaika khadiyo pansi n'kutenga ya mlatho wa ku Liwonde. Asanatsegule pakamwa, a Alesi anali atayamba kale, maso atatsinzina.

"Iyo imati, 'Madzi a Shire ndi ambiri, koma ine ndikulakalaka a mu mtsuko wanu.'"

Pa khadipo panalembedwa kuti denga la khola likonzedwe mvula isanabwere, ndi kuti mbuzi yaikazi isagulitsidwe. A Makaiko anayang'ana nkhope ya mayiwo. Anaganiza kuti mayi wokalamba amene akusiya nyumba yake mawa alibe chifukwa cholandidwa zimene wasunga zaka zonsezi. Anawerenga za khola ndi mbuzi, kenako anakhosomola n'kubwereza mawu a mtsuko aja, akuyang'ana ku nthochi.

A Alesi anali atatsegula maso.

"A Makaiko, maso anu sali pa pepala."

A Makaiko anatsitsa khadiyo n'kuiika pa mkeka.

"A Lukiya nawonso," anatero a Alesi pang'onopang'ono, "akafika pa mawu okomawo ankakweza mutu n'kumayang'ana m'mwamba mu mango. Ine ndinkati mwina akuchita manyazi."

Nkhuku inakwera pa mtolo wa zovala, palibe anaiingitsa. A Makaiko ankadikira kulira, ndipo anali atayamba kale kukonza mawu opepesa. Koma mapewa a mayiwo anayamba kugwedezeka, kenako kunatuluka phwete lalikulu, mpaka anagwira nthiti, misozi ikutsika m'makwinya.

"Mayo ine, a Lukiya! Ndinkadabwa ine! Munthu woti akatsika basi amangoti 'mwaswera' n'kupita kukaona mbuzi, mawu a mtsuko awatenga kuti? Tsiku lina ndinawafunsa, ndinati bambo, zokoma mumalemba zija bwanji simuzinena pakamwa? Anangondiyang'ana n'kuti, 'Ziti?' Ine ndinati amuna ndi choncho."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kuseka kuja n'kuzirala.

"Chaka choyamba ndinkalira kwambiri. Anthu kuchitsime ankati wa lole sakhala ndi mkazi mmodzi, akwatira ku mpoto ameneyo. Khadi ikabwera ndinkayenda mutu uli m'mwamba sabata yonse. A Lukiya amuna awo anapita ku migodi ku Joni mwana ali kumsana. Sanalembepo ngakhale kamodzi, ndipo sanabwerenso. Ndiye mawu amene ankandiwerengera aja..." Anakankhira chitini pafupi ndi a Makaiko. "Yambirani poyamba. Muwerenge zimene zilipo basi."

Anawerenga mpaka dzuwa linafika pamutu. A Isaki ankalemba za fetereza, za nsapato za Jenifa, za lole imene inatitimira m'matope masiku atatu ku Chitipa, za kapitawo wina wokonda kukalipa. Pa khadi ya msewu wa ku Zomba anangolemba kuti adutsa usana koma sanaloledwe kuima. A Alesi ankavomera ndi mutu, nthawi zina n'kuyankha ngati mwini wake ali pomwepo. "Khola ndinakonza, bambo." "Njinga ndinawabwereka, ndipo anathyola pedulo." Pena ankawaimitsa a Makaiko n'kutenga khadi kuti aone chithunzi, n'kunena chaka chimene inafika: chaka cha dzombe m'dimba, chaka chimene mtsinje wa Domasi unakokolola mpunga wa anthu, chaka chimene Jenifa anayamba sukulu atavala diresi la msuweni wake.

"Amenewa ndiye a Isaki," anatero. "Ndikuwamva mawu awo enieni, ngati ali kuseri kwa nyumbaku."

Chakumapeto kunali khadi ya mbidzi zitatu pa udzu wa ku Nyika. A Makaiko anaiwerenga kaye chamumtima, kenako mokweza, chala chikutsata mzere kuti mayiwo aone.

"Amake Jenifa. Kuno kukuzizira koopsa. Juzi munaluka ija ndikuvala tsiku lililonse, anzanga akuisirira. Dzulo ndaona mbidzi pafupi ndi msewu. Ndinaimitsa lole. Mukanakhalapo mukanaona. Ndine Isaki."

A Alesi anati, "Iyoyo a Lukiya anandiwerengera momwemo, osakweza mutu. Atamaliza anati mutu ukuwapweteka, n'kupita kwawo mpunga tisanamalize kusinja."

Anatenga khadi ya mbidziyo n'kuilowetsa m'bulauzi. Anatenganso ya ku Liwonde ija, akuti chifukwa cha mtsuko. Zotsalazo anabwezera m'chitini n'kutseka.

"Izi tengani."

"Mayi, mwina muganize kaye. Zikapita sizibwerera."

"Ku Blantyre akandipatsa kachipinda kamodzi, ndipo adzukulu anga amangoyang'ana m'mafoni. Kwa inu anthu aziona mmene dziko linalili. Wina akafunsa kuti kuseriku kwalembedwa chiyani, mumuuze zoona, za mbuzi zomwezo."

Za mtengo sanalimbane. Atagwirizana, a Alesi anafunsa ngati m'chikwama mwawo muli khadi yosalembapo. A Makaiko anapeza imodzi ya tchalitchi cha ku Malosa, yojambulidwa mitengo ya patsogolo pake ili yaifupi.

"Eya, kusukulu kwawo komweko. Tulutsani cholembera. Mulembe zimene ndinene, musakometse."

A Makaiko anatsamiritsa khadi pa chivundikiro cha chitini.

"A Lukiya. Bodza lanu lagwidwa lero Lachiwiri. Zaka zonsezi ndimayesa ndinakwatiwa ndi munthu wodziwa kulankhula. Mawa ndikupita ku Blantyre kwa Jenifa. Mango uja ulipobe. Zikomo. Ndine Alesi."

"Basi?"

"Basi. Koma maso awo anafa, saonanso. Ndipo mwana wawo Kenny amawerenga mothamanga ngati akuthawa galu."

"Ndikapereka ndekha," anatero a Makaiko.

Lachinayi anakwera minibasi ya ku Liwonde, khadi ili m'thumba la malaya. Anafunsira kwa amayi ogulitsa nsomba mpaka anapeza nyumba ya Kenny kuseri kwa chigayo. A Lukiya anali kamayi kakang'ono kowongoka msana, atakhala pampando pa mthunzi akutongola chimanga m'lichero. A Makaiko anadzitchula dzina, ananena komwe achokera, n'kuwerenga khadiyo mawu ndi mawu.

Manja a mayiwo anaima. Anapempha kuti awerengenso, ndipo a Makaiko anabwereza.

"Wakwiya?"

"Anaseka mpaka misozi, mayi."

A Lukiya anapumira m'mwamba. Analandira khadiyo n'kuisisita ndi chala mbali zonse ziwiri, n'kufunsa chimene chajambulidwapo. Atauzidwa kuti ndi tchalitchi cha ku Malosa, anafunsa ngati masitepe a kumaso akuoneka, chifukwa ndi pamene ankakhala podikira belu.

"Akuoneka, onse asanu."

"Anali asanu ndi limodzi, lina linakwiririka," anatero a Lukiya. Kenako anamwetulira. "Koma kalata youma bwanji! Zaka makumi anayi tili khomo ndi khomo, iye n'kungoti mango ulipobe. Anatengera amuna ake ameneyu."

Anasuntha lichero n'kuwalozera a Makaiko mpando wina ndi dzanja.

"Khalani bwinobwino, bambo. Muli nayo ina yosalembapo? Mupeze yokhala ndi malo ambiri kuseri, ine zanga sizifupika."